Kalavani Yoperekezera Sungeni

Usiku wapitawu ndalota, anzanga, koma ndisanayambe a Dzonzi aike kaye botololo pansi, chifukwa ndimawadziwa, akaseka amatsamwa. A Malikebu, inu zitembenuzani nyamayo, mungondibwereka khutu.

Mukudziwa kale kuti Sungeni wanga akupita ku koleji ku Oregon mu Ogasiti mukubweramu. Mwana ndi yekhayo. Oregon ndi kumathero a dziko, ukapitirira pamenepo ugwera m'nyanja yamchere. Iye ankafuna kukwera ndege, ine ndinakana. Ndinati kwathu mwana saponyedwa m'ndege ngati phukusi, amaperekezedwa. Ndiye ndinasungitsa kalavani, zigalimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo, kuti tinyamuke kuno ku Indiana mu Julayi, tidzere m'mapaki akumadzulo aja tikuona nyama ndi mapiri, mpaka tikamutule. Mapu ndinawayala patebulo lodyera, moti masiku ano timadyera pamiyendo. Poyamba inali Yellowstone yokha. Kenako ndinawonjezera Zion, kenako Grand Canyon, kenako Yosemite, njira n'kumakhotakhota ngati ya munthu wochokera ku mowa.

Dzulo madzulo ndikubaya kaphini kena pamapupo, Sungeni anaima kumbuyo kwanga n'kuti, "Adadi, mapakiwa akungochuluka. Inuyo mukabwerera pati?"

Mayi ake ankatsuka mbale, sanacheuke n'komwe, anangoti, "Afunse iweyo mwina akuyankha, ine ndinatopa." Chimene sindinawauze n'chakuti ndinali nditapeza kale malo oimikapo kalavani kuseri kwa koleji yomweyo, oti munthu utha kukhalapo mpaka Khirisimasi popanda wokuthamangitsa. Ndinakagona funso lija lisanayankhidwe.

Ndiye ndangoona ndili pachiwongolero. Kalavani ija sinali kalavani ayi, inali nyumba yathu yomwe ija, ndi khonde lake, ndi masitepe ake, chingwe choyanikapo zovala chikukupiza m'mbuyo ndi masokosi anga. Mayi a Sungeni ankakolopa pakhonde ife tili paliwiro, osadabwa n'komwe. Magalimoto otipitirira ankatsitsa galasi n'kumati, "Odi kuno," iwo n'kumayankha kuti, "Fikani," koma munthu angafike bwanji pakhomo pothamanga? Ankangokweza dzanja n'kumapita. Sungeni anali pambali panga, atavala juzi ya koleji yake ija. Chikwama chake chobiriwira chinali paphewa panga. Mwambo wake mukuudziwa, woperekeza ndiye amanyamula katundu. Nyumba yonseyo ndinkaiwongolera ndi dzanja limodzi, linalo litagwira lamba wa chikwama.

Foni yolozera njira ndinali nditaikoleka pagalasi, koma mawu ake sanali a mayi wachizungu uja. Anali a kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, osasa ndi kuitanira.

"Patsogolo apo kumanja," inatero foniyo. "Wotsika alipo?"

"Palibe."

"Madala, mwanayo satsika?"

"Ndati palibe. Tiye nazo."

Ndiye mapu aja, omwe anali atagona pamiyendo pa Sungeni, anatsokomola. "Bambo a Sungeni, ndili ndi dandaulo," anatero. "Ine ndine mapu, sindinabwere kudzatemedwa mphini. Taonani msana wangawu." Nditayang'ana, zoonadi, maphini ali mbwee msana wonse. Ndinawapepesa mwaulemu ndithu, kenako ndinabayapo kena.

Tinadutsa minda ya chimanga yosatha, yopanda ngakhale munthu mmodzi wopalira, chimangacho chikutiweramira tikamadutsa. Dzuwa linali litaima malo amodzi, cha kumadzulo, osakwera osatsika, kuwala kwake kuli ngati uchi. Kunali zii, matayala osamveka. Nthawi zina ndinkaona ngati ife taima, dziko ndiye likutidutsa pansi pang'onopang'ono.

Mwadzidzidzi tili pageti la Yellowstone. Panatuluka mlonda wa paki, mzungu wamtali wa chipewa chotambalala, waulemu wake. Anatipatsa moni m'Chichewa cha kwathu ku Ntcheu chenicheni. Akulankhula choncho ndevu zinayamba kumera mpaka pachifuwa, msana n'kutukuka linunda, chipewa n'kukwera pamwamba pa nyanga. Pomaliza moniwo inali njati yathunthu, koma bolopeni ili m'manja.

"Mukuperekeza kapena mukusamuka?" inafunsa njatiyo.

"Ndikuperekeza."

Inasuzumira m'kati. Inaona bedi, inaona mbaula, inaona mayi a Sungeni akufinya chokolopera. "Woperekeza wake wotenga bedi ndiye ndamuona lero," inatero. "Nanga mubwerera pati?"

"Patsogolo pang'ono."

"Onse amatero," inatero njatiyo, n'kukweza chitsulo cha geti ndi nyanga.

Ndiye kasupe wotchuka uja, wophulika madzi otentha, ndinapeza kuti ndi ketulo yaikulu yokwiriridwa m'nthaka, mlomo wokha uli panja. Nyama zinali pamzere, iliyonse ndi kapu yake, popanda yolowerera inzake. Ketulo inaliza kaphokoso kake, madzi n'kukwera mpaka kumwamba, nthunzi n'kusanduka mitambo, mitamboyo n'kutsika kudzadya udzu pamodzi ndi njati. Kukongola kwake sindingathe kukuuzani. Ndinati nditembenuke ndimuonetse Sungeni, ndipo ndinapeza manja a juzi akulendewera. Mwana anali atachepa. Anali wa m'ma sitandade sikisi, ndi mawaya owongola mano aja m'kamwa, tsitsi lomangidwa timichira tiwiri.

"Adadi, tafika?" anafunsa.

"Tatsala pang'ono."

Ndisakunamizeni, anzanga, ndinakondwa. Mtima wanga unachita kuvina. Ndinati apa ndiye ndaupeza mankhwala ulendowu, paki iliyonse izindibwezerako zaka. Chikwama chokha ndicho chinalemerako pang'ono, koma sindinalabadire.

Tinafuna pogona, ngakhale kunja sikunkada. Pamalo oimikapo makalavani tinapeza mayi wonenepa ali pakawindo, akutafuna mtedza. Ndisanatsegule pakamwa, makutu ake anabulungira, manja n'kumera ubweya, n'kukhala chimbalangondo chovala magalasi.

"Munasungitsa malo?" chinafunsa.

"Ndinasungitsa mu Meyi."

Chinaseka mpaka magalasi kugwa. "Mu Meyi? Bambo, malo ano anthu amasungitsa akadali m'mimba mwa amayi awo. Awo mukuwaona apowo anawasungitsira ndi agogo awo."

"Ndiye tigona pati?"

"Imikani pamwamba pa mtengo uwo, koma musatayire nyenyeswa pansi, azibale anga alibe mwambo."

Ndiye nyumba inakwera mtengo bwinobwino, giya wani, n'kukakhala panthambi. Tili pamenepo, thanki ya chimbudzi inalankhula kuchokera pansi pa bedi, mawu ake aakulu ngati a mkulu wa mpingo. "Pepani kudula nkhani," inatero. "Ine ndadzaza. M'nyumba muno tilipo awiri amene tasunga zinthu nthawi yaitali osataya, koma ine ndiye ndikunena poyera." Mayi a Sungeni anati, "Wamva wamva." A Dzonzi, ndinakuuzani kuti muike botolo pansi.

Mwadzidzidzi nthambi ija yasanduka msewu, tili ku Zion. Mapiri ake ofiira aja anali atavala mikanjo, ena yoyera ena yofiira, akuzungulira pang'onopang'ono ngati a mpingo wa Ziyoni ng'oma ikakoma, koma ng'omayo inkamveka patali kwambiri, ngati ili pansi pa madzi. Kutsogolo kunali phanga loti msewu umadutsa m'kati mwa phiri. Panaima mtsikana wa yunifolomu ndi tepi yoyezera. Anadumpha kamodzi, ali padenga, mchira uli tolotolo, wasanduka gologolo. Anayeza uku, anayeza uko.

"Nyumbayi yatalika, sikwana," anatero gologoloyo.

Nyumba inamva. Inavula denga lake yokha n'kuligwira pachifuwa ngati bambo wolowa m'tchalitchi, n'kuwerama, n'kulowa. M'phangamo munali mdima wofunda, wonunkhira mvula yoyamba. Foni inanong'ona, "Wotsika?" Ine ndinangoti, "Tiye nazo."

Potulukira mbali inayo ndinamva kadzanja katagwira chala changa. Sungeni anali kamwana koyamba kumene sukulu, mano akutsogolo atachoka, juzi ikukwekwereka pansi ngati diresi la mwini. Ndinamukweza pamiyendo, tikuwongolera limodzi monga tinkachitira kale pabwalo la tchalitchi. Fungo la mutu wake linali lomwe lija la mafuta a kokonati. Ndinafuna msewu umenewo usathe.

Ndiye anakoka juzi ija n'kuloza zilembo za pachifuwa. "Adadi, apa palembedwa chiyani?"

Mtima unangoti phwii. Sungeni ameneyu, amene amandikonzera Chingerezi ndikamalembera abwana anga, amene anawerenga mabuku onse a m'nyumba mwanga kufikira buku la malangizo a firiji, akundifunsa ine dzina la koleji yake. Ndinamuwerengera. Anabwereza molakwitsa, n'kuseka, n'kuyamba kuyamwa chala. Chikwama tsopano chinkalemera ngati thumba la simenti. Mapu anati, "Bambo a Sungeni, Oregon ndi uku kumtunda, inu mukulowera kumunsi." Ndinamva, koma dzanja langa linakhotetsa lokha chiwongolero.

Mwadzidzidzi msewu watha. Tili m'mphepete mwa Grand Canyon, chiphompho choti ukaponyamo mwala umakafika pansi utakalamba. M'katimo munkayandama mitambo, ndi nsomba zikusambira m'mitambomo. Tsidya linalo, kutali, ndinaona koleji ija, mawindo ake akunyezimira, nyanja yamchere ili kumbuyo kwake, belu likulira mosafulumira.

Mayi a Sungeni analeka kukolopa. Koyamba ulendo wonsewo anandiyang'ana m'maso.

"Bambo a Sungeni, mwachita chiyani?"

Ndinayang'ana pamiyendo panga. Munali khanda m'juzimo, lofunda, likuphethira, osadziwa dzina lake lomwe.

Pamwala panali bambo wina wa jekete ndi tayi, amene m'malotomo ndinkadziwa kuti ndi wolandira ophunzira atsopano ku koleji ija. Anatembenuza mutu mpaka kumsana, n'kuubweza ali kadzidzi.

"Tikuyembekeza mtsikana wina, dzina lake Sungeni," anatero kadzidziyo. "Bedi lake tayala, mpando wake ulipo. Dzuwa likalowa titseka geti."

"Ndi uyu," ndinatero, ndikukweza khandalo.

Anasuzumira ndi diso limodzi, kenako linalo. "Uyu ndi wa ku sikelo, bambo. Ife tikufuna wamkulu uja analemba mayeso."

Ndiye dzuwa lija, limene linaima ulendo wonse, linayamba kutsetsereka. Ndinachita mantha, anzanga, mantha enieni. Komabe pakamwa panga panatuluka zopusa. Ndinati, "Tiyambe tadzera ku Yosemite, kuli mitengo italiitali, mwana aione." Ndinafufuza kaphini m'thumba. Mapu anadzipinda okha n'kuti, "Pobaya patha." Foni nayo inati, "Mathero, madala. Galimoto sipitirira apa."

Ndinati nditule chikwama, chikwama chinakana. Lamba anali atamera m'phewa ngati muzu. Ndinakoka, mayi a Sungeni anakoka, kadzidzi anangoyang'ana dzuwa.

Ndiye ndinamva belu la njinga.

Anali bambo anga, malemu a Gwazanga, akukankha njinga yawo yakuda ija m'mphepete mwa chiphomphocho, buluku atalimanga ndi mphira kuakakolo. Inu simunawaone. Tsiku limene ndinkachoka kumudzi kubwera kuno, anandiperekeza ndi iwowo. Sutikesi yanga anaimanga pakaliyala, tinayenda wapansi osalankhulana mpaka pamlatho wa Livulezi. Siteji ya basi inali tsidya lomwelo, yooneka ndi maso. Koma iwo anaima pamlathopo, anamasula sutikesi, anandipatsa m'manja, n'kuti, "Ndibwerere pano." Basi. Anatembenuka n'kumakankha njinga yawo, osacheuka ngakhale kamodzi. Ine ndinaima ndi sutikesi ndikuyang'ana msana wawo mpaka unabisika m'chimanga. Zinandiwawa zaka zonsezi. Ndinkati munthu wouma mtima ngati ameneyu sindidzamutengera.

M'malotomo anaimika njinga, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana khandalo, n'kuyang'ana nyumba yopanda denga ija.

"Iwe," anatero, "ukuperekeza mwana kapena ukumubweza?"

"Ndikuperekeza, bambo."

"Ndi nyumba?"

Ine ndinawafunsa changa chimene ndinasunga. "Bambo, tsiku lija pa Livulezi, bwanji simunacheuke?"

Anakanda chibwano. "Ndikanacheuka ndikanawoloka. Ndikanawoloka ndikanakwera nawe basi, mapeto ake n'kukubweza. Bwenzi pano uli kwathu ukundithandiza kufoleranso nkhokwe." Anagwira chishalo cha njinga. "Unaona kuti sutikesi nditatsitsa, njinga inali yopanda katundu. Sunadzifunse chifukwa chake sindinaikwere?"

"Ayi."

"Njira sindinkaiona. Misozi inali itadzaza m'maso. Ndinaikankha mpaka kunyumba."

Anzanga, ine bambo wa imvi zanga, ndinalira m'malotomo ngati mwana wolandidwa chigumu.

Mwadzidzidzi mlatho wa Livulezi uja uli pomwepo, womwe uja wa matabwa, ndi thabwa lake lothyoka pakati, koma watalika kuchokera pamapazi anga mpaka tsidya la chiphompho, pageti la koleji. Dzuwa linali litagunda kale nyanja. Ndinakokanso lamba wa chikwama, osatheka.

"Sichichoka ndi mphamvu chimenecho," anatero bambo. "Khazika mwana pansi. Unene mawu ake."

Ndinakhazika khanda pathabwa loyamba. Linagwira mwendo wa buluku langa. Mayi a Sungeni anaika dzanja pamsana panga, lonyowa ndi madzi okolopera. Ndinayesa koyamba, panatuluka mpweya wokha. Ndinayesanso.

"Sungeni, mwana wanga. Ndibwerere pano."

Lamba anangoti pulumutsu, chikwama chili pansi. Ndipo amene anawerama kuchitola anali mtsikana wamtali, juzi itamukwana bwinobwino, Sungeni wa dzulo madzulo uja. Anachinyamula ndi zala ziwiri ngati mulibe kanthu. Anakoka chogwirira, pansi pake n'kutuluka timatayala.

"Zikomo pondiperekeza, adadi," anatero. "Mubwerere bwino."

"Uyende bwino. Uzidya."

Kadzidzi anauluka kutsogola. Njati ija, chimbalangondo ndi gologolo anali ataima chapatali, zipewa zili m'manja. Nyumba inavalanso denga lake n'kutembenuka yokha kuloza kum'mawa. Foni inati, motsitsa mawu, "Watsika mmodzi."

"Tembenuka tsopano," anatero bambo. "Gwira njingayi mbali iyo, tikankhire limodzi. Usacheuke."

Ndinagwira. Tinayamba kuyenda, ine uku, iwo uko. Njira sindinkaiona. Khosi linkafuna kutembenuka lokha, ine n'kumalikaniza. Kumbuyo kwanga ndinkangomva timatayala ta chikwama tikugunda matabwa a mlatho, gudu, gudu, gudu. Ndinkayembekeza kuti phokosolo lizichepa, koma linkakulirakulira, gudu, gudu, mpaka ndinatsegula maso.

Kunja kunali kutayera. Phewa linali litachita dzanzi chifukwa ndinaligonera, pilo atanyowa. Gudu, gudu uja anali pamasitepe a m'nyumba mwathu. Anali Sungeni, akukoka chikwama chobiriwira chija kuchokera kuchipinda chapansi kuti ayambe kuyeserera kulongedza.

"Adadi, mwadzuka?" anaitana. "Tandithandizani, chakodwa pakona."

"Ndikubwera," ndinatero. "Ndikunyamulira, koma mpaka pamlatho pokha."

"Mlatho uti?"

"Bweretsa mapu aja, ndi kambale koikamo maphini. Tiupeza."